Nkhope Yobwereka

1

Ine si munthu wolira. Atate athu atamwalira, ine ndi mng'ono wanga Mzime tonse tili kusekondale, ndinaona ndekha kuti amayi sangakwanitse ana awiri pasukulu. Ndinavula yunifolomu, ndinaichapa, ndinaibweza m'chiuno kuti imukwane iye. Sindinalire. Ndinangomuuza kuti, "Iwe uziwerenga. Ukadzatenga mimba, usadzandionenso."

Ndinalowa gulu la zisudzo. Timasewera m'maholo, m'masukulu, nthawi zina pamaukwati. Kumeneko n'kumene kumachokera fizi ya Mzime, komanso theka la lendi ya chipinda chimene timakhala ine, mwamuna wanga wowotcherera zitsulo, ndi khanda lathu limene timalitcha Kadona chifukwa silifuna kuikidwa pansi.

Tsiku lina tikuyeserera sewero, mkulu wa gulu lathu, amene tonse timangoti a Mkulu, anaomba m'manja.

"Akanema akufuna nkhope zatsopano za sewero lalitali, la chaka chonse. Ayamba kusankha ndi zithunzi, kuitana anthu n'kwa mwezi wamawa ukatha. Akufuna chithunzi cha nkhope yokha, kuyambira m'mapewa, chojambulidwa ndi katswiri. Osati zanu za pafoni mutatupitsa milomo ngati nsomba." Kenako anandiloza. "Makamaka iwe. Pali malo a mkazi wamng'ono m'sewerolo, ndawauza kale za iwe. Lachisanu chithunzi chikhale m'manja mwanga."

Ntchito ya chaka chonse! Ndiye kuti Mzime amaliza sukulu popanda kuthamangitsidwa m'kalasi.

Ndinaimbira mayi wojambula amene a Mkulu anatipatsa nambala yake. Amayankhula mothamanga ngati akuthawa mvula.

"Lachitatu m'mawa. Bulauzi yopanda maluwa, yopanda mizere, yotuwa kapena yabuluu. Ndolo zolendewera ayi. Tsitsi lichoke pamphumi, ndipo musaluke dzulo lake, khungu limakokeka, mumaoneka wodabwa. Zodzola pang'ono. Muzimwa madzi, muzigona. Ndipo mayi, lamulo langa ndi limodzi: chithunzi chifanane ndi munthu amene adzalowe pakhomo pawo."

"Chidzafanana," ndinatero ndikuseka.

Loweruka m'mawa ndikutsuka m'kamwa, madzi anatuluka okha pambali pa mlomo n'kutsikira m'khosi. Ndinamwanso. Anatulukanso. Ndinatenga kagalasi.

Mbali yakumanzere ya nkhope yanga inali itagona. Pakamwa panakhotera kumanja, chikope sichinkatseka, diso lili tuzu ngati la nkhuku yophedwa.

2

Adokotala anandiuza kuti ndikweze nsidze. Inakwera imodzi. Anati ndiimbe likhweru. Inatuluka mphepo ndi malovu.

"Si sitiroko, musaope. Ndi mtsempha wa kumaso wafooka. Ambiri amachira."

"Liti?"

"Ena masabata, ena miyezi."

"Lachitatu?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Mayi, mtsempha sudziwa kalendala." Anandipatsa mapiritsi ndi mankhwala odontheza m'diso, anati ndizibwera kudzaphunzira kulimbitsa nkhope.

Kunyumba bambo a Kadona anayesa kundiseketsa. "Tsopano ndidziwa bwanji, amake Kadona, kuti mukundisekerera kapena mukundinyoza?"

"Ndikukunyozani."

"Basi palibe chasintha."

Ndinaseka, ndipo kusekako kunathawira mbali imodzi. Iwo anayang'ana pansi msanga. Kuyang'ana pansi kumeneko kunandipweteka kuposa matendawo.

A Mkulu ndinawanamiza kuti mwana akudwala, sindibwera koyeserera. Ndinadziwa kuti akangondiona, dzina langa alichotsa n'kuikapo la wina, pakuti gulu silidikira munthu. Ndinathowa nkhope ndi kansalu kotentha mpaka khungu linafiira. Ndinatafuna chingamu tsiku lonse. Ndinamata tsaya ndi selotepi kulikokera kukhutu, ndinaphimba ndi tsitsi, ndinaoneka ngati katundu wotumizidwa pabasi. Ndinayesa kuima chammbali pagalasi. Chammbali ndinali ine ndithu, wokongola ngati kale.

Ndinaimbiranso mayi wojambula, nditagwira tsaya ndi dzanja kuti mawu atuluke bwino.

"Kodi simungandijambule chammbali? Mbali yanga yabwino ndi yakumanja."

"Aliyense ali ndi mbali yake yabwino. Koma akanema amafuna maso onse awiri, akuyang'ana kutsogolo."

"Nanga pakompyuta simukonza?"

"Chiphuphu ndimachotsa, chifukwa mawa chichoka chokha. Nkhope sindiumba. Pali vuto?"

"Ayi, palibe."

Ndinakhala pabedi, galasi m'manja, madzi atafika m'khosi. Ndiye m'galasimo, kumbuyo kwa phewa langa, munadutsa nkhope yanga yakale itanyamula ndowa.

3

Mzime anali atakhala nafe masabata angapo. Amayi anangomukweza basi n'kundiimbira kuti, "Ali patchuthi, akuthandizeko mwana." Kuthandiza kwake kunali kotani! Mbale ankatsuka, madzi ankatunga, pansi ankakolopa mpaka kuwala. Koma mwana ayi. Kadona akangoyamba kulira, iye ankanyamula ndowa ulendo kumpopi, ngakhale madzi ali tho m'nyumba. Ndikati, "Tandigwirira mwanayu ndivale," ankati manja ake ndi onyowa. Ankavala juzi lalikulu la malemu atate dzuwa likuswa mtengo. Kubafa ankakhoma chitseko ndi kukhalako ngati akumanga nyumba.

Ndinkati ndi matama a ana asukulu. Ndinkamuuza kuti, "Mabuku akulowa m'mutu mpaka kuiwala kuti nawenso unali khanda."

Koma nkhope! Anthu akhala akutisokoneza kuyambira tili ana. Mphumi imodzi, mphuno ya atate, milomo ya amayi. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndili ndi kadontho kakuda pansi pa diso lakumanja, ndipo mano anga akutsogolo ali ndi mpata.

"Mzime, tabwera. Khala apa."

Anakhala. Ndinamugwira chibwano, ndinamutembenuzira kuzenera.

"Lachitatu ukajambulitsa m'malo mwanga."

"Achemwali, mwapenga?"

"Mayi wojambulayo sanandionepo. A Mkulu akaona kadontho aziti ndine. Akanema akamadzaitana anthu, nkhope yanga idzakhala itabwerera. Ndikungobwereka, ndidzabweza."

"Ine sinditha zimenezo. Chonde, achemwali, ine ayi."

"Sukutha chiyani? Kukhala pampando? Ine ndinasiya sukulu chifukwa cha iwe, iwe ukulephera kukhala pampando chifukwa cha ine? Fizi ya teremu ikubwerayi ukuganiza kuti igwa kumwamba?"

Nditatchula fizi anatseka maso ngati ndamumenya mbama. Ndinaganiza kuti mawu anga amugwira mtima. Ndinakondwa.

"Chabwino," anatero motsitsa.

Bambo a Kadona atamva anapukusa mutu. "Zitsulo ziwiri zofanana sizikhala chitsulo chimodzi. Nkhani imeneyi idzathyoka pamene mwalumikizapo."

"Inu mudzangomuperekeza. Sadziwa njira, ndipo ine tsiku limenelo ndili kuchipatala. Zinazo ndisiyireni."

4

Ndinamukonza mng'ono wanga monga ndikanadzikonzera ndekha, mwinanso kuposa.

Tsitsi ndinamuluka Lamulungu lomwelo kuti pofika Lachitatu likhale litamasuka, mizere yobwerera kumbuyo ngati yanga. Ndinkamumwetsa madzi ngati mbande. Ndinkamugoneka msanga. Nsidze ndinamuzula pang'ono kuti zipindike ngati zanga. Kadontho ndinayeserera ndi pensulo ya nsidze mpaka dzanja linazolowera malo ake: kudontheza kamodzi, kupukuta ndi chala, kuthira paudala pamwamba kuti kaoneke ngati kobadwa nako.

"Usaonetse mano. Mano ndiwo angatigwiritse."

Ndinamukhazika pa ndowa yovundikira, msana kukhoma loyera, nkhope kuzenera.

"Wongola msana. Mapewa pansi. Tulutsa chibwano ngati kamba, kenako tsitsa pang'ono. Pang'ono, iwe, sunagwidwe ukuba! Tsopano ndiyang'ane. Ganiza chinthu chosangalatsa."

Anandiyang'ana. Zonse zinali m'malo mwake, koma m'maso munalibe munthu. Zinali ngati nyumba yosesedwa bwino eni ake atasamuka.

"Ganiza tsiku limene udzakhoze mayeso."

Maso anazimiratu.

"Kaya mnyamata amene umamukonda kusukuluko, ndikudziwa alipo."

"Palibe."

"Ndiye ganiza nyama yokazinga, mwana iwe, chilichonse!"

Bulauzi ndinabwereka kwa a Telala, mayi wosoka amene chitseko chake chayang'anizana ndi chathu. Inali yotuwa, yosalala, yopanda kanthu kalikonse. Mzime anakavalira kuseri kwa katani. Atatuluka ndinaona kuti yamuthina pachifuwa, ndipo mkati mukuoneka mizere ya chinthu chokulungidwa.

"Wamanga chiyani mkatimo?"

"Mpango. Chifuwa chimandipweteka."

"Wanenepa, n'chifukwa chake. Chakudya cha kwa alamu ako chakukonda. Lachitatu umasule, bulauzi ikuoneka ngati yabisa mtolo."

"Achemwali, amajambula nkhope yokha."

"Ndipo nsalu ikakwinyika pamapewa? Umasule, ndanena."

Nthawi yomweyo Kadona anadzuka n'kuyamba kulira. Mzime anapinda manja pachifuwa, anathawira kuseri kwa katani, ndipo posakhalitsa ndinamva ndowa ikulira panjira ya kumpopi.

Lachitatu m'mawa ndinamujambula kadontho, ndinaonetsetsa kuti mpango watsala pabedi. Ndinayamwitsa Kadona, ndinauza bambo ake kuti amusiye kwa a Telala akamanyamuka. Pakhomo ndinacheuka. Pampando panali patakhala ine, wathunthu, wowongoka, wosaseka.

5

Nditabwerako kuchipatala ndinapeza Mzime atagona chafufumimba pamphasa yake, atavala juzi lija. Bambo a Kadona anali atabwerera kuntchito. Mwana anali kwa a Telala.

"Zayenda bwanji?"

"Bwino."

"Anakayika?"

"Ayi."

Sanatembenuke. Ndinati watopa ndi magetsi a kojambulira.

Lachinayi m'mawa foni inalira, chithunzi chinalowa. Ndinachitsegula nditaimirira, koma ndinakhala pansi.

Ndinali ine, koma ine amene sindinamuonepo pagalasi lililonse. Milomo yotseka monga ndinamuuzira, chibwano m'malo mwake. Koma maso! Maso amenewo ankayang'ana pambali pang'ono pa kamera, onyowa, anjala, ngati munthu amene akuona chinthu chimene angafere koma saloledwa kuchikhudza. Ine ndasewera chikondi pamaso pa anthu odzaza holo, koma sindinafikepo pamenepo. Chithunzi chimenechi chikanandipatsa ntchito. Ndinadziwa pompo.

Foni inaliranso. Anali mayi wojambula.

"Mwachiona? Ndakhala pantchitoyi zaka zambiri, maso otere ndi osowa. Komatu munandivutitsa, mayi! Poyamba ndinkangojambula khoma. Muwathokoze amuna anu. Atangobwera kudzaima pambali pa kamera paja, nkhope yanu inatseguka ngati chitseko."

"Amuna anga," ndinatero.

"Eya. Ine ndimatero, munthu akauma ndimamuimikira wake pafupi ndi kamera. Diso silinama. Tumizani chimenechi, musasinthe."

Foni inazima. Ndinayang'ananso maso aja. Ndinakumbukira mmene bambo a Kadona ankayang'anira pansi ndikaseka. Ndinakumbukira juzi, kubafa kokhoma, bulauzi yothina pachifuwa. Wanenepa? Mtsikana amanenepa pachifuwa pokha chifukwa chiyani? Ndinaphatikiza zonse mofulumira, pakuti ine ndimadzitama kuti sinditaya nthawi.

Ndinali nditamuluka tsitsi langa, kumuveka nsidze zanga, kumujambula kadontho kanga, n'kumupereka ndekha m'manja mwa mwamuna wanga. Mkazi yemweyo, koma wosakhota.

6

Bambo a Kadona anabwera masana kudzadya. Anapeza chikwama cha Mzime chili panja, mabuku ali mbwee pabwalo, anthu a m'nyumba zoyandikana ataima m'makomo mwawo.

"Amake Kadona, n'chiyani?"

Ndinawaika foni pamphuno. "Ndiuze iwe! Akuyang'ana ndani apa?"

Sindinawatchulepo kuti iwe chikwatirane. Anabwerera m'mbuyo.

"Tamverani, kumene kuja zinachitika n'zakuti..."

"Wojambula wandiuza kale! Unaima pambali pa kamera. Nkhope yanga yangokhota sabata imodzi, wapeza kale yosinthira? Kapena munayamba kale? Mimba imene akubisa m'juziyo ndi ya ndani?"

Mawu ankatuluka opotoka, malovu akugwa, diso lodwala likutsika misozi yake yokha. Ana a pabwalo anayamba kuseka, amayi awo anawakokera m'nyumba koma iwo eni anatsala pakhomo. A Telala anatuluka ndi tepi m'khosi.

"Mwana wanga, nkhani za m'nyumba zimakambidwa m'nyumba."

"M'nyumba ndi mmene amachitiramo, amayi! Lero zimveke panja!"

Mzime anaima pakhomo, manja pachifuwa. Sanalire, sanakane. Ndinamuyandikira.

"Ndinavula yunifolomu chifukwa cha iwe. Ndinakuuza chiyani tsiku lija? Ndinati ukadzatenga mimba utani?"

"Ndisadzakuoneninso," anayankha.

"Ndiye ukudikira chiyani?"

Anawerama, anatola mabuku ake limodzi limodzi, anawapukuta fumbi ndi mkono wa juzi. Atafika pa alamu ake anati, "Pepani alamu, mwalowa m'zinthu zosazidziwa." Ananyamula chikwama, anatuluka pageti.

Bambo a Kadona anandiyang'ana nthawi yaitali, ulendo uno osayang'ana pansi.

"Nkhope si imene yakhota," anatero. Anatenga chipewa chawo n'kubwerera kuntchito osadya.

7

Ine ndikakwiya ndimagwira ntchito. Ndinalowa m'nyumba kuti ndichotse chilichonse chake. Nditanyamula mphasa, pansi pake panagwa bulauzi ya a Telala, itakulungidwa ngati mpira. Ndinati ndichape ndibweze kwa eni ake.

Nditaitambasula, kutsogolo kwake kunali mabwalo awiri ouma, olimba ngati oikidwa sitachi, m'mbali mwake mwachikasu. Limodzi kumanja, lina kumanzere.

Ndinanunkhiza.

Mayi aliyense woyamwitsa amalidziwa fungo limenelo. Lili pa zovala zanga zonse, pa pilo, pa mapewa a bambo a Kadona. Si thukuta. Si mafuta. Ndipo mimba yongoyamba kumene situlutsa mkaka wonyowetsa bulauzi chotero. Mkaka wotere umabwera mwana atabadwa.

Ndinakhala pabedi. Mpango. Juzi. Ndowa yothawira kumpopi mwana akalira. Inenso Kadona akalira, ngakhale ndili kubafa, mabere amayankha okha.

Ndinathamangira kwa a Telala, bulauzi m'manja.

"Amayi, dzulo mwana anakhala ndi inu m'mawa wonse?"

"Ayi. M'mawa ndinapita kukagula ulusi, bambo ake anamutenga konko kojambulitsa. Anandisiyira pobwerera. Ndimafuna ndikuuze paja, koma ukanamva?"

Ndinabereka Kadona, ndinathamanga. Kokwerera mabasi kunali anthu ngati nyerere, oitanira akukokerana zikwama. Ndinamupeza kumapeto, atakhala pa chikwama chake kuseri kwa kagolosale, sanakwere basi iliyonse. Ndinagwada patsogolo pake, ndinamuonetsa bulauzi.

"Mwana ali kuti, Mzime?"

Anayang'ana bulauziyo, kenako ine.

"Anakhala tsiku limodzi."

Phokoso lonse la mabasi linapita kutali.

"Anabadwa masiku asanakwane. Wamwamuna. Analira kamodzi kokha, achemwali, pang'ono, ngati kamphaka. Anamwino anandipatsa ndimugwire, kenako anamutenga. Sukulu ndinasiya teremu yatha, fizi munatumiza ija amayi anaisunga, sanadye. Mnyamatayo anakana. Amayi anati tisakuuzeni, anati mungafe ndi mtima, anati ndibwere kuno anthu kwathu aiwale. Sanaganize zoti kuno kuli khanda." Anapukuta mphuno ndi juzi. "Mkaka sukudziwa kuti iye kulibe. Ndimamanga, umaphwa, Kadona akalira umabweranso."

"Bwanji sunandiuze?"

"Munanena kale yankho lanu ndisanalakwe."

Kadona anayamba kulira kumsana kwanga. Mzime anapinda manja pachifuwa, anafuna kudzuka. Kunalibe mpopi woti athawireko. Ndinamasula nsalu, ndinamutsitsa mwanayo, ndinamuika pamiyendo pake.

Poyamba manja ake anali m'mwamba ngati ndamuikira moto. Kenako anatsika. Analira mng'ono wanga pamenepo, kulira kwa mayi, anthu akudutsa ndi katundu wawo. Ine amene sindilira ndinalira naye, diso limodzi lotseka, lina lotsegula.

8

Lachisanu linafika. Chithunzi chinali m'foni, a Mkulu anali ataimba kale kawiri. Kungodina kamodzi, ntchito ya chaka chonse inali pafupi. Ndipo tsopano ndinkaifuna kuposa kale, pakuti Mzime anafunika kubwerera kusukulu.

Koma ndikanatumiza chiyani? Nkhope ya mayi akuyang'ana mwana wa mnzake masabata ochepa ataika wake m'manda, pansi pake n'kulembapo dzina langa? Ikanakhomedwa m'maofesi, anthu n'kumati mtsikanayu amatha kusewera. Sikunali kusewera.

Ndinachapa bulauzi, ndinaisita, ndinaivala. Tinapita tonse awiri.

Kojambulirako kunali chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo: pepala lalikulu lotuwa lolendewera kukhoma, kampando kozungulira, magetsi awiri okhala ndi maambulera oyera. Mayi wojambula anali wamfupi, wometa, magalasi pamphumi. Anayang'ana Mzime, anayang'ana ine, anayang'ana kadontho kanga.

"Oho," anatero. "N'chifukwa chake kanafufutika nditamupukuta thukuta titamaliza kujambula."

Ndinamuuza zonse, osabisa ngakhale za pabwalo. Sanandikalipire. Anatsegula kompyuta, anandionetsa zithunzi zonse za tsiku lija motsatana.

"Onani. Apa ali yekha, khoma. Apa ndawaimika amuna anu koyamba, mwana ali mtulo pampando uko. Khoma lomwelo, mwinanso loposa. Ndinati banja ili lili pamavuto. Bambowo anakakhala pansi. Apa mwana wadzuka, akulira, bambo amunyamula, abwera naye pafupi ndi kamera akumutonthoza. Onani tsopano."

Nkhope inatseguka pa chithunzi chimodzi chokha. Pa chotsatira Mzime anali atawerama, manja pachifuwa.

"Ndinaona bulauzi ikunyowa, ndinamufunditsa nsalu, ndinati mayi kayamwitseni. Anathawira kuchimbudzi. Pafoni paja ndikanati mwana, koma ndinati amuna anu, poti ndi amene anamunyamula." Anavula magalasi. "Ndiye mukufuna chiyani lero?"

"Mundijambule ine."

"Mukudziwa kuti sindikonza."

"Munati chifanane ndi munthu amene adzalowe pakhomo. Amene adzalowe ndi uyu."

Ndinakhala pakampando. Msana wowongoka, mapewa pansi, chibwano ngati kamba. Magetsi anandiwotcha diso losatseka, misozi inayamba kutsika, mayiyo anandipatsa kansalu. Ndinayesa kugwira tsaya kuti likwere.

"Chotsani dzanja. Musamwetulire, simukugulitsa sopo. Mungondiyang'ana." Anajambula kangapo, anapukusa mutu. "Mukubisala. Iwe mtsikana, tabwera udzaime apa ndi mwanayo."

Mzime anaima pambali pa kamera, Kadona ali paphewa pake akumudya kolala ya juzi. Ndinawayang'ana.

"Basi," anatero mayi wojambula. "Tamaliza."

9

Ntchito ija sindinaipeze. Ndinene msanga, musayembekezere zozizwitsa. A Mkulu ataona chithunzi anati, "Bwanji sunanene?" Anachitumizabe, koma malo a mkazi wamng'ono anapatsa wina. M'gulu sanandichotse. Pano ndimasewera mbali za apongozi okwiya, a Mkulu amati pakamwa panga pamachita theka la ntchito ndisanayankhule. Chikope chayamba kutseka. Likhweru silinabwerebe.

Bambo a Kadona ndinawapepesa pabwalo pomwe ndinawanyozera, anthu omwe aja ali m'makomo mwawo. Anati zatha. Koma pepa sapoletsa chilonda. Pali masiku amene amadya chete, ndipo ine ndimawasiya, pakuti ndinawotcha ndekha. Mzime akukhalabe nafe. Wayamba sukulu ya masana, m'mawa amathandiza a Telala kusoka mabatani. Fizi timaipeza movutikira, mwezi uno ilipo, wamawa sitikudziwa.

Inu amene mukuwerenga, makamaka inu achemwali ndi amayi amene munadzimana kuti wina aphunzire: samalani ndi malumbiro amene mumalumbira pa ana. Ine ndinkati ndikumuopseza kuti alimbikire. Sindinadziwe kuti ndikutseka chitseko chimene adzafune kugogodapo tsiku la tsoka. Mwana anagona m'chipinda mwanga masabata onsewo ndi maliro pachifuwa. Ndinamuluka, ndinamuzula nsidze, ndinamugwira chibwano n'kumuyang'anitsitsa m'maso tsiku ndi tsiku, ndipo chimene ndinkafufuza pankhope yake chinali nkhope yanga. Mukaona munthu akuthawira kumpopi madzi ali tho m'nyumba, musamutche waulesi. Mutsatireni.

Chithunzi chija ndinafuna kuchifufuta m'foni, koma Mzime anandigwira dzanja. Anapempha mayi wojambula kuti amutsukire chimodzi chaching'ono. Anachiika m'buku lake la masamu, kadontho kabodza kali pomwepo pansi pa diso.

"Ukusungiranji chimenechi?" ndinamufunsa. "Chingokukumbutsa zoipa zimene ndinakuchita."

Anachiyang'ana, anachisisita ndi chala.

"Mwana wanga sanajambulidwepo, achemwali," anatero. "Apa ndi pokhapo pamene akuoneka."